Mayi akangoti "ndili bwino mwananga", ayendetseni mphindi 6

Ndalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena amene ali ku Johannesburg. Akuti mayi awo ali ndi zaka 68, akawaimbira foni amangoti ndili bwino mwananga, koma mng'ono wawo amene amakhala nawo kumudzi akuti masiku ano popita kudimba akumapumula kawiri panjira. Funso lawo ndi loti kodi pali njira yodziwira mphamvu ya mtima ndi mapapo a munthu wamkulu popanda makina?

Achemwali, njira ilipo ndipo ngakhale ma dokotala amaigwiritsa ntchito, amaitcha six-minute walk test, kutanthauza kuyeza mtunda umene munthu angayende mu mphindi 6. Inachokera pa mayeso a dokotala wa ku America Kenneth Cooper a mu 1968 othamanga mphindi 12, kenako anthu anaona kuti wodwala kapena gogo sungamuthamangitse ayi nde anasintha kukhala kuyenda, ndipo mu 2002 bungwe la ma dokotala a mapapo ku America la American Thoracic Society linalemba ndondomeko yake.

Uzani mng'ono wanuyo apeze malo osalala opanda chitunda, pabwalo la tchalitchi kapena la sukulu, ayeze mamita 30 ndi tepi ya amisiri, aike chigubu uku china uko. Kupita ndi kubwera ndi mamita 60. Mayi avale nsapato zogwira phazi osati mapatapata, ngati amayendera ndodo atenge ndodo yawoyo, ndipo ayambe akhala kaye pampando mphindi 10. Akatero ayende mmene angathere kwa mphindi 6, osathamanga, wina akuwerenga maulendo ndi kuona nthawi pa foni. Akatopa aime apume palibe vuto, koma nthawi musaimitse. Chinanso, owerengayo asayende patsogolo pawo chifukwa mayi athuwa amakakamira kuti asaoneke ofooka pamaso pa mwana, adzayamba kulondola liwiro la mwanayo mmalo mwa lawo.

Akuluakulu athanzi ambiri amayenda pakati pa mamita 400 ndi 700, zimatengera zaka, msinkhu, thupi komanso ngati ndi amuna kapena akazi. Akalephera kufika 300 ine ndinganene kuti apite akaonedwe. Koma kunena zoona nambala ya tsiku limodzi sindiikhulupirira kwambiri, ulendo wachiwiri pafupifupi aliyense amayenda motalikirapo poti wazolowera pokhotera. Chimene chimathandiza ndi kulemba mu kope nkudzabwereza pakatha miyezi itatu, malo omwewo, mmawa womwewo dzuwa lisanawawe. Ngati analemba 480 nkudzapeza 400, pamenepo pali nkhani, kusiyana kwa mamita 30 kokha ma dokotala amakuwerengera kale.

Ndipo musamangoona mtunda, muziwayang'ana iwowo. Atamaliza akutha kuyankhula chiganizo chonse kapena angoti wefuwefu dzanja lili pachifuwa? Afunseni befu lafika pati pakati pa 0 (palibe befu) ndi 10 (befu lalikulu kwambiri). Gwirani pamkono muwerenge kugunda kwa mtima masekondi 30 nkuchulukitsa kawiri, asanayambe komanso atangomaliza.

Apa pokha ndikupemphani musachite mphwayi. Akamva kupweteka pachifuwa, chizungulire, kudzandira, thukuta lozizira kapena nkhope kusintha, imitsani pompo akhale pansi ndipo tsiku lomwelo apite kuchipatala. Ngati mwezi wapitawu anadwala mtima kapena akumamva chifuwa kupweteka ali chikhalire, musayese nkomwe kunyumba. Chimodzimodzi ngati BP yapitirira 180 pa 100 kapena mtima ukugunda kopitirira 120 pa mphindi ali phee.

Mayesowa sanena matenda ake ndi ati. Kupumula kawiri panjira kuja kutha kukhala mtima, mapapo omwe apuma utsi wa nkhuni zaka zambiri, kuchepa kwa magazi kapena mawondo chabe. Nde ine ndikanakhala inu ndikanatumiza ya thiransipoti sabata ino kuti akayezetse BP, shuga ndi magazi kaye, kope la mamita lija adzapite nalo ulendo wotsatira akawaonetse adokotala.