Keke ya njere za thonje kwa nkhumba ndi nkhuku: malangizo anga

Bambo, mwafunsa ngati mungaike keke ya njere za thonje (zotsalira akafinya mafuta m'njerezo) m'malo mwa soya pa chakudya cha nkhumba ndi nkhuku zanu zoikira mazira, popeza soya wakwera mtengo pamene ku Balaka kwanuko thonje silisowa. Ndikukupemphani kuti musatero, ndipo kekeyo muisungire ng'ombe zikuluzikulu.

Mukaswa njere ya thonje mudzaona timadontho takuda m'kati mwake. M'timadontho timenemo muli poizoni wachilengedwe wotchedwa gossypol. Ng'ombe, mbuzi ndi nkhosa zikuluzikulu zimapirira chifukwa m'chifu chawo chachikulu poizoniyu amamangika ndi mapuloteni asanalowe m'magazi, koma nkhumba, nkhuku ndi akalulu alibe chitetezo chotere, chimodzimodzinso ana a ng'ombe amene sanayambe kubzikula.

Choopsa kwambiri n'chakuti gossypol sapha tsiku lomwelo. Amaunjikana pang'onopang'ono, kotero kuti nkhumba imatha kudya bwinobwino kwa milungu ingapo mwiniwake n'kumakondwera kuti wapulumutsa ndalama, kenaka imayamba kuonda, kutaya chilakolako cha chakudya ndi kupuma mobanika chifukwa mtima wafooka ndipo madzi adzaza m'mapapo. Zikafika pamenepo palibe mankhwala ochotsa poizoniyo. Akatswiri amalangiza kuti gossypol wosamangika asapitirire mamiligalamu 100 pa kilogalamu ya chakudya cha nkhumba, koma mlimi wogula keke ya m'thumba lopanda chizindikiro alibe njira yoyezera zimenezi.

Kwa nkhuku, vuto limaonekera pa msika: mazira akasungidwa, chikasu chake chimasanduka chobiriwira moderako, ndipo mafuta ena a m'njerezo amachititsa mbali yoyera kufiirira.

Ngakhale ku ng'ombe musapyole muyeso. Ng'ombe yamkaka isapitirire makilogalamu 2 mpaka 3 a njere patsiku, osakaniza ndi madeya ndi udzu, ndipo nkhunzi ndi atonde obereketsa ndi bwino osawapatsa, pakuti gossypol amaononga umuna. Njere za mbewu zopakidwa mankhwala ndiponso keke yochita chuku zisalowe m'khola lililonse.

Ngati soya wakukanikani ndithu, yesani keke ya mpendadzuwa, ndipo mlangizi wa ziweto wa m'dera lanu akuthandizeni kasakanizidwe kake. Nkhumba zimene zadyapo kale keke ya thonje muzisiyitse lero lomwe, musazithamangitse, ndipo muziyang'anitsitsa kapumidwe kake kwa milungu ingapo.