Dothi lakuda pa mabwinja a Aroma ku London

Achimwene, mwafunsa ngati dothi lakuda lomwe limapezeka pamwamba pa mabwinja a nyumba za Aroma akale ku London likusonyeza kuti anthu anauthawa mzindawo. Dothilo palokha silingayankhe.

Akatswiri amalitcha dark earth. Pena limachindikala mpaka mita imodzi, ndipo muli makala, mafupa, mapale ndi zinyalala zowola. Nyongolotsi ndi mizu zinalitembenuza zaka mazanamazana, mpaka zizindikiro za nsanamira za nyumba zamitengo zinafafanizika. Wokumba mwaphuma kuti afike msanga pa makoma amiyala amataya zonsezo ndi fosholo.

Mutu umawawa pa kudziwa zaka. Ndalama zachitsulo za Aroma zinasiya kufika ku Britain cha m'chaka cha 402. Mukapeza ndalama yopangidwa m'chaka cha 390 m'dothimo, ikungonena kuti dothilo linaunjikana chakacho chitafika kale, mwina patapita zaka 200.

Choncho kumbani masentimita 5 nthawi imodzi, muzisefa dothi lonse. Dulaninso chibuma chosaphwanya, chiumitsidwe ndi utomoni, chichekedwe mopyapyala kwambiri, achiyang'ane pa maikulosikopu. Mpamene ndowe za ziweto, phulusa ndi udzu wa denga zimaonekera. Poyeza zaka ndi radiocarbon (njira yodziwira zaka za zinthu zomwe zinali zamoyo) tumizani njere yopsa kapena fupa, osati khala la mtanda wa denga, chifukwa mtengowo ukhoza kukhala unadulidwa kalekale.

Musaiwale kuyang'ana kunja kwa mpanda wa mzindawo, chifukwa mwina anthu ankakhala kumeneko. Mzinda wa Lundenwic, womwe unamangidwa ulamuliro wa Aroma utatha, anaupeza m'ma 1980 ku Covent Garden, dera la London, kumadzulo kwa linga la Aroma.