Kodi mainjiniya akufunanji m'thupi la munthu?

Wowerenga wina, amene akuphunzira uinjiniya wa makina, wanditumizira imelo yofunsa chifukwa chake kafukufuku wa bioengineering, kutanthauza kugwiritsa ntchito uinjiniya pa thupi ndi zamoyo, amachitikira ku dipatimenti ya uinjiniya osati ku sukulu ya udokotala, komanso ngati munthu amene sanazame pa maphunziro a zamoyo angapeze malo pa ntchito imeneyi.

Zikomo kwambiri chifukwa cha funso lanu. Thupi la munthu limamvera malamulo omwewo amene mukuphunzira m'kalasimo, pakuti magazi amayenda m'mitsempha mokankhidwa ndi mtima, mafupa amasenza kulemera, ndipo mapapo amafufuma ndi kuphwa usana ndi usiku. Dokotala amafuna kudziwa chimene chavuta mwa wodwala amene ali pamaso pake, pamene injiniya amafuna kuyeza kuti mphamvuyo ndi yochuluka bwanji, ikudutsa pati, ndipo chingapangidwe n'chiyani kuti chigwire ntchito ya chiwalo chimene chafooka. Yuan-Cheng Fung anali katswiri wa za ndege ku yunivesite ya Caltech ku America, koma mu 1966 anasamukira ku University of California, San Diego, kumene anadzipereka pa ntchito yoyeza mmene mitsempha ndi minofu imatanukira. Masamu ake anali omwe aja a za ndege.

Chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi vuto limene Robert Langer wa ku yunivesite ya MIT ku America ndi dokotala Joseph Vacanti anathandiza kulitchukitsa mu 1993, la kulera minofu yatsopano m'labotale. Maselo amadzalidwa pa kachimango kokhala ndi timabowo, kopangidwa ndi zinthu zimene zimasungunuka pang'onopang'ono m'thupi, ndipo akamera bwino kachimangoko kamatha, n'kutsala mnofu wokha. Chovuta n'chakuti okosijeni salowa patali mu mnofu: selo limene latalikirana ndi kamtsempha ka magazi kupitirira pafupifupi mamilimita 0.2 limayamba kubanika. Kachidutswa kakangonenepa pang'ono, maselo a kunja amakhala athanzi koma a pakati amafa. N'chifukwa chake khungu, limene ndi lopyapyala, linatheka msanga, pamene chiwindi kapena impso yathunthu idakali patali. Funso la mmene mpweya ndi chakudya zingafikire pakati pa mnofu ndi funso la kayendedwe ka madzi m'timipata ting'onoting'ono, ndipo amene analiphunzira bwino ndi inuyo.

Mu 2010 ofufuza a ku Wyss Institute ku Harvard anaonetsa kachipangizo kofanizira mapapo, kakakulu ngati flash disk. Mkati mwake muli tinjira tiwiri tolekanitsidwa ndi kachikopa kopyapyala: mbali imodzi kuli maselo a m'mapapo ndi mpweya, mbali inayo kuli maselo a mtsempha ndi madzi oyenda ngati magazi. Pampu ikakoka mpweya m'tinjira ta m'mbali, kachikopako kamatanuka n'kubwerera monga munthu akupuma.

Malo anu alipo ndithu, koma ndikupempheni kuti musapeputse maphunziro a zamoyo. Chitsulo chimapereka yankho lomwelo nthawi iliyonse mukachiyeza, pamene maselo amasintha khalidwe malinga ndi kutentha, msinkhu wawo, ngakhale kagwiridwe ka munthu amene akuwasamalira, ndipo tizilombo tikalowa m'mbale imodzi ntchito ya masabata angapo imatayika. Tengani phunziro limodzi la kagwiridwe ntchito ka thupi ndi lina la maselo, kenaka mupemphe mphunzitsi amene ali ndi labotale kuti akuloleni kuthandiza pa tchuthi, ngakhale ntchito yanu yoyamba itakhala yosintha madzi odyetsera maselo.