Yankho kwa amayi amene akufuna nsapato zothamangira

Amayi, mwafunsa kuti mugule nsapato zotani, popeza zimene mukuthamangira panopa zikukutulutsani matuza ku chidendene ndipo chikhadabo cha chala chachikulu chayamba kuda. Ine ndakhala ndikuthamanga kuno ku Chipata kwa zaka zingapo, ndipo zachikhadabozo zinandionekerapo, choncho ndiloleni ndifotokoze motalikirapo.

Chikhadabo chikada, kawirikawiri nsapato imakhala kuti yafupika. Pothamanga phazi limafufuma pang'ono komanso limaterera kutsogolo, makamaka potsetsereka, ndipo tauni yathu ino zitunda n'zosasowa. Changa chinada nditazolowera kutsika njira ya ku Kanjala ndi nsapato imene poyenda inkandikwana bwinobwino, mpaka chinadzazuka chokha. Mukavala nsapato n'kuimirira, pakati pa chala chanu chachitali ndi nsonga ya nsapatoyo pazitsala mpata woti n'kupingasapo chala chachikulu cha m'manja, pafupifupi sentimita imodzi, ndipo zala zonse ziziyenda momasuka. N'chifukwa chake nsapato yothamangira imakonda kukhala yokulirapo kuposa ya kutchalitchi kapena ya kuntchito.

Nambala yokha musaikhulupirire. Kakalata kamene kamakhala kunsi kwa zingwe kamaonetsa nambala za US (America), UK (Britain) ndi EU (Ulaya), ndipo sizifanana. Ngakhale pa US pomwepo, 8 ya akazi imayandikana ndi 6.5 ya amuna. Ine ndimaponda pa pepala chidendene chitagunda khoma, n'kulemba pamene chala chachitali chathera, kenako n'kuyeza ndi rula mapazi onse awiri, chifukwa limodzi limakonda kukulirapo ndipo ndi lomwelo loyenera kulitsatira. Ngati munayeza kalekale musanabereke, yezaninso, pakuti kwa amayi ena phazi limatalika kapena kutambasuka pambuyo pa pakati ndipo silibwereranso mwakale.

Za matuzazo, amayi ambiri tili ndi chidendene chowonda poyerekeza ndi kutsogolo kwa phazi, motero tikavala nsapato yachimuna, kapena yotakata kumbuyo, chidendene chimavukavuka n'kumakhulika. Musanataye zimene muli nazo, yesani kulowetsa zingwe m'kabowo kotsiriza kapamwamba kaja, kamene ambiri timakasiya, ndipo muleke masokosi a thonje chifukwa amasunga thukuta.

Ambirife timagula za salaula, zija zovalidwapo kale, ku msika wa Kapata kapena ku Saturday Market, ndipo zimenezi sizochititsa manyazi, koma pamafunika maso. Pitani chakumadzulo, phazi litafufuma kale ndi zoyendayenda za tsikulo, mutatenga masokosi amene mumathamangira. Nsapato imatha kuwala kunja pamene siponji ya pansi inafa kale. Ikhazikeni pa malo osalala n'kuiyang'ana kumbuyo kwake: ikapendamira mbali imodzi, ndiye kuti inatengera kapondedwe ka mwini wake woyamba, isiyeni. Dinikizani siponjiyo ndi chala. Ngati yauma gwa kapena yachita makwinya akuya, mawondo anu ndiwo adzalipire. Valani zonse ziwiri, muyende ndi kudumphadumpha pomwepo, ndipo wogulitsa akati "idzatanuka yokha", musamve, chifukwa nsapato yothina kutsogolo sitalika. Dzina ngati Nike, Adidas kapena Asics lisakukopeni, popeza zonamizira zilipo zambiri, ndipo ngakhale yeniyeni ikhoza kusayanjana ndi phazi lanu.

Nsapato yatsopano imatumikira makilomita pafupifupi 500 mpaka 800. Ngati mumathamanga makilomita 5 kanayi pa mlungu, imeneyo ndi miyezi 6 mpaka 9, ndipo ya salaula idzatha msanga kuposa pamenepo. Ngati mumakonda misewu ya fumbi kusiyana ndi phula la Great East Road, sankhani ya mano okuya pansi kuti musaterereke m'matope a dzinja. Ikanyowa, musaiyanike pa mbaula poti kutentha kumamatula guluu. Ikanimo nyuzipepala zakale n'kuisiya pamthunzi popita mphepo. Chikhadabocho chikamapweteka kwambiri kapena kutuluka mafinya, yambani mwapita kuchipatala musanabwererenso pamsewu.