Kodi nditenthe zithumwa za apongozi?

Mlongo wina wandilembera kuti wapeza zithumwa ndi kansupa pansi pa bedi la apongozi ake aakazi, omwe akukhala nawo nyumba imodzi. Akufunsa ngati azitenthe, poti Deuteronomo 7:5 amalamula kugumula maguwa ndi kutentha mafano.

Funsoli landigwira mtima. Ndili mwana, achinyamata a mpingo wathu anafika kwa agogo akuimba nyimbo, n'kulowa m'nyumba osaodira. Anatulutsa nsupa, mikanda ndi mphinjiri, n'kuziotcha pabwalo anthu akuonerera. Anaponyeramonso mizu yomwe agogo ankamwa m'mimba mukawapota, yomwe inalibe chochita ndi mizimu. Agogo anangokhala duu pamphasa. Sanapondenso kutchalitchi mpaka kumwalira, ndipo posakhalitsa anali atapeza nsupa ina, chifukwa mantha omwe anawasungitsa yoyambayo sanapse nawo. Mpaka lero zimandiwawa.

Ndikana poyera: kumeneko si kumvera Mulungu. Lamulo la pa Deuteronomo linapita kwa Aisraeli polowa m'dziko la Kanani, kuti mitima yawo isatengeke ndi milungu ya eni dziko. Taonani za ku Efeso pa Machitidwe 19:19. Amatsenga anatentha mabuku a mtengo wa ndalama zasiliva 50,000, koma anabwera nawo okha atakhulupirira. Paulo sanawasecheko m'zipinda.

Nanga njoka ya Mose?

Tikamanena za mafano timathamangira kwa agogo akumudzi. Koma pa 2 Mafumu 18:4, Mfumu Hezekiya anaphwanya njoka yamkuwa yomwe Mose anapanga Mulungu atamulamula (Numeri 21:8-9), chifukwa anthu anayamba kuifukizira lubani. Chinthu chochokera kwa Mulungu chinasanduka fano! Ndiye mundiuze, kabotolo ka madzi odzozedwa komwe munthu sangayende ulendo osanyamula, kapena chithunzi cha mneneri chomatidwa pakhomo kuti chithamangitse afiti, zikusiyana pati ndi chithumwa? Ine sindiona kusiyana, ndipo ambiri okonda kuotcha za anzawo ali nazo zimenezi m'chikwama.

Choncho mlongo wanga, musazikhudze, si zanu. Kambiranani ndi amuna anu kaye, popeza ndi mayi awo, kenako muwafunse apongoziwo mwaulemu chimene akuopa. Akadzafuna okha kuzitaya, itanani abusa mudzapemphere nawo limodzi.