Noah yathu ikuwira pokwera phiri, ikafika ku Namibia?

Funso: Akulu, mu Disembala tikufuna kupita ku Namibia banja lonse: ine, mayi a kunyumba, ana anayi ndi agogo awo awiri. Tikaone mapiri a Naukluft ndi zitunda za mchenga ku Sossusvlei. Galimoto ndi Toyota Noah ya otomatiki. Koma tikukwera phiri la Zomba, kamuvi ka kutentha kanakwera, madzi n'kuyamba kusefukira m'kabotolo ka pambali. Pamsewu wopanda zitunda sichita zimenezi. Makaniko wina akuti ndi head gasket, chomatira cha pakati pa mutu wa injini ndi thunthu lake. Nditani?

Yankho: Bambo, musanalole munthu kuphwasula injini, yambani ndi chitsekero cha rediyeta. Galimoto zowira pachitunda pokha zimabwera kuno kawirikawiri, ndipo zambiri timazipeza ndi chitsekero chakutha kapena chogula pa tebulo la m'mphepete mwa msewu.

Anthu amachitenga ngati chivundikiro cha mphika, pomwe ntchito yake ndi kusunga mphamvu ya mpweya kuti madzi asawire msanga. Madzi wamba amawira pa madigiri 100 m'mbali mwa nyanja yamchere, koma ku Windhoek, komwe n'kokwera mamita pafupifupi 1,700, amawira asanafike 96. Chitsekero chabwino chimakankhira malirewo kupitirira 115. Chikafooka, galimoto yodzaza anthu asanu ndi atatu ndi katundu wawo iwira basi.

Chiyeseni motere. M'mawa injini itazizira, chitsegulani n'kuchitembenuza. Labala yake ikakhala yong'aluka, yofufuma kapena youma gwa, chatha. Dinani sipuling'i ndi chala: izilimba, isamangolowa. Pakati pali kavalavu kakang'ono kobwezera madzi kuchoka m'kabotolo. Kakokeni pang'ono, kazibwerera kokha. Kenako yendetsani galimoto itenthe, mugwire paipi yapamwamba ndi kansanza. Izikhala yolimba. Ikamafinyika mosavuta, mpweya ukuthawa. Mukaipezanso itaphwafuka injini itazizira, ndi kavalavu kaja. Pachitsekero pamalembedwa nambala, 0.9 kapena 1.1. Gulani cha nambala yomweyo, chenicheni, ndipo mugule ziwiri. Zotchipazi zimalembedwa 1.1 koma sipuling'i yake n'kuiphwanya mwana. Munthu kukonzeka ulendo wodutsa Chipata, Lusaka, Livingstone, Katima Mulilo mpaka Rundu, n'kumanyinyirika mtengo wa chitsekero, zimanditopetsa.

Head gasket ili ndi zizindikiro zake: thovu m'rediyeta injini ikulira, utsi woyera, oyilo wooneka ngati wasakanizika ndi mkaka. Ngati palibe, musalipire. Onaninso ngati mafani onse akuzungulira mukayatsa AC, ndiponso ngati wina sanachotse thermostat (kavalavu kowongolera kutentha kwa injini), matenda a magalaja ambiri kwathu kuno. Madzi apampopi khuthulani, muikemo coolant, madzi apadera oziziritsira injini.

Zinazo mwachidule. Kuchoka ku Windhoek musadzere pa Spreetshoogte Pass. Malowo ndi okongola, koma ndi otsetsereka kwambiri moti malole ndi makaravani saloledwa. Noah yolemera itentha mabuleki, agogo n'kumangopemphera kumbuyo. Dzerani ku Rehoboth ndi Büllsport, mapiri a Naukluft muwaona bwinobwino pamsewu wa C14. Potsika paliponse ikani giya yotsika, phazi lisakhazikike pa buleki. Brake fluid akhale watsopano.

Misewu ya kumeneko yambiri ndi yamiyala, ndipo imadya matayala. Matayala ogula ogwiritsidwa kale ntchito asiyeni ku Lilongwe. Kasipeya kowonda kaja sikokwanira, pezani lalikulu, jeke wabwino ndi pampu yolumikiza ku batire. Mafuta thirani pa Solitaire ndi pa Sesriem ngakhale thanki ili pakati.

Kuyambira pageti la Sesriem, polowera ku Sossusvlei, ndi phula makilomita pafupifupi 60, ndipo chitunda cha mchenga chotchedwa Dune 45 chili m'mbali mwa msewu womwewo, choncho agogo achiona osavutika. Makilomita asanu omaliza ndi mchenga wakuya. Noah isalowemo, ngakhale kumbuyo italembedwa 4WD: ndi yofupika pansi, ikhala pamimba, giyabokosi n'kupsa mukulimbana nayo. Isiyeni poimika magalimoto, mukwere zapamalopo zonyamula alendo.

Mukasintha chitsekero, kwezani anthu onse asanu ndi atatu mubwererenso ku Zomba masana dzuwa likuswa mtengo, AC ili yoyatsa. Kamuvi kakasunthabe, rediyeta ichotsedwe akaitsuke m'kati.