Amalume akuti namwino ndi wantchito wa adotolo chabe

Mtsikana wina wa Fomu 4 wandilembera kuti mtima wake uli pa unamwino, koma amalume ake akumugwetsa mphwayi ponena kuti namwino amangobaya jakisoni ndi kuchita zimene adotolo alamula. Akufunsa ngati n'zoona, komanso kumene angakaphunzire.

Mwanawe, amalume ako uwalemekeze, koma pa nkhani iyi sanaonetsetse. Chipatala chaching'ono chakumudzi nthawi zambiri chimakhala chopanda dotolo. Mayi akabwera usiku matenda atayamba, amene amaona ngati achilira pomwepo kapena atumizidwe ku chipatala chachikulu cha boma ndi namwino amenenso ndi mzamba.

Mu 2011 dziko lathu lidakhala loyamba kukhazikitsa ndondomeko ya Option B+, yoti mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene wapezeka ndi HIV ayambe ma ARV a moyo wake wonse, osadikira kuyeza chitetezo cha m'thupi, poti makina oyezera chitetezocho (CD4) anali osowa m'zipatala zambiri. Mfundoyi idakonzedwa ku unduna wa zaumoyo, koma idakagwira ntchito ku sikelo, m'manja mwa anamwino. Iwo ndi amene ankakhala pansi ndi mayi wogwidwa mantha, kumufotokozera za mankhwala, kumulimbitsa mtima kuti abwerenso mwezi wamawa. Pambuyo pake bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidalimbikitsa maiko ena kutengerapo.

Chimene ndikufuna uganizire kwambiri ndi pakamwa pako. Ukadzatumizidwa kufupi ndi kwanu, udzadziwa zotsatira za magazi a anthu amene umapemphera nawo. Apongozi a wodwala adzakupeza pa mjigo n'kunena kuti, "Iwe ndiwe mwana wathu, tiuze chimene akudwala." Azakhali ako enieni adzakufunsa. Yankho ndi lakuti ayi, mwaulemu koma mosasintha. Namwino mmodzi akaulula chinsinsi, mudzi wonse umaleka kukayezetsa, ndipo ndondomeko yabwino ija imafera pomwepo. Chimodzimodzi kukalipira mayi amene ali pa ululu wa kuchira: mayiyo mimba yotsatira adzachilira kunyumba, ndipo zoopsa zake ukuzidziwa. Ine zimandiwawa ndikamva amayi akuopa chipatala chifukwa cha mawu, osati chifukwa cha mtunda. Kutopa kulipodi, anamwino ndi ochepa ndipo mizere ndi yaitali, koma wodwala sindiye adachititsa zimenezo.

Za sukulu tsono. Limbikira Chingerezi, Masamu, Biology, Chemistry ndi Physics pa MSCE. Digiri ungaipeze ku Kamuzu University of Health Sciences, imene idapangidwa pophatikiza Kamuzu College of Nursing ndi College of Medicine, kapena ku Mzuzu University. Palinso Malawi College of Health Sciences ndi makoleji a mipingo a pansi pa CHAM, bungwe la zipatala za mipingo, monga Nkhoma, Ekwendeni, Mulanje Mission ndi Holy Family ku Phalombe. Makolo asanalipire kobiri lililonse, afunse ngati kolejiyo ndi yovomerezedwa ndi Nurses and Midwives Council of Malawi, chifukwa popanda kulembetsedwa kumeneko sungagwire odwala mwalamulo.

Usawerengere kuti ukangomaliza boma likulemba ntchito. Ena amadikira ndithu. Patchuthi chikubwerachi, uwapemphe amalumewo akuperekeze ku chipatala chakwanuko tsiku la sikelo, mukakhale pabenchi m'mawa wonse muone amene akuyendetsa ntchito.